A Nangondo M'dzenje la Fodya

Pa esiteti ponse panalibe amene sankawadziwa a Nangondo. Sanali munthu ayi, ngakhale anali ndi khosi lalitali, chiuno cholowa bwino ndi mbina yoti ena n'kuchita nayo kaduka. Chinali chelo, choimbira chamatabwa chokhala ngati gitala wamkulu, chimene woimba amachiimika pansi pakati pa maondo n'kumachikwecha ndi uta. Dzinalo linachokera kwa amayi ogulitsa zitumbuwa pamphambano, tsiku limene anaona Feliya atachibereka kumbuyo ndi chitenje chifukwa malamba a bokosi lake anali atathera komwe chinachokera. Mmodzi anafunsa ngati a Nangondo adwala kuti achite kuberekedwa, anzake anaseka chikhakhali, ndipo dzina linamatirira.

Gulu limene Feliya ankaimbamo linali khanda, la zaka ziwiri zokha. Analiyambitsa a Frazer Zimba, mphunzitsi wachinyamata wa pasukulu yoyendera, amene anabwera kuchokera kukoleji ndi mutu wodzaza manotsi komanso mabokosi a zoimbira zakale zimene mpingo wina wakunja unatopa nazo. Anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana khumi, ana a m'midzi ndi ana a matenanti, n'kuwonjezapo mlongo wawo wamkulu, mayi Ezelina, amene ankagwedeza visekese. Panali mavayolini anayi, chitoliro, gitala, bangwe, ng'oma ziwiri ndi a Nangondo. Lachitatu ndi Loweruka masana ankakumana muholo ya tchalitchi, m'mbali mwa msewu wafumbi wotulukira ku Nkhamenya.

A Zimba sankafunsa nyimbo kuti kwawo ndi kuti. Ankatenga ya mzungu wina amene anamwalira galimoto zisanabwere padziko, n'kuilumikiza ndi ya pawailesi yovinitsa achinyamata chaka chomwecho, kenako n'kuthira pamwamba ya pamtondo. Anthu ankati uku n'kuphika kwa batchala, nyemba ndi usipa mumphika umodzi. Ankanena choncho ali pazenera, madengu awo atatula pansi, ndipo sankachoka mpaka nyimbo itatha.

Feliya nayenso anayambira pazenera pomwepo. Anali mwana wa a Zakeyo ndi a Fainala, matenanti ochokera ku Phalombe amene anali atalima fodya wa bale pa esiteti imeneyo zaka zisanu ndi chimodzi. A Zimba atamuitana kuti alowe, anayang'ana zala zake zolimba ndi singano yosokera fodya, n'kunena kuti nsambo za chelo zimaliritsa ana a m'maofesi koma zala izi sizidzamva kanthu. Sananame. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, Feliya ankati akakoka uta, mawu ankayamba amulowa pachifuwa asanapite kwa anthu. Ankasangalala kwambiri, ndipo ankadziwa yekha kuti padziko palibe ntchito ina imene angaikonde chotere.

Koma zaka zimenezo zinali za makuponi a feteleza wotsika mtengo, ndipo kuponi inkatsata dzina lolembedwa m'mudzi. Tenanti alibe mudzi kumene akulima. Kalembera akafika, eni nthaka ankafola, matenanti n'kumapitiriza ntchito yawo, pakuti mlendo ndi mame. Chaka chimenecho mlamu wa a Zakeyo anatumiza mawu kuti munda wa a Fainala kumudzi ukungomera tsekera, ndipo akafika msanga maina awo alembedwa nawo. A Zakeyo anaganiza masiku atatu n'kugamula kuti belo lomaliza likangokwera lole, banja lonse likwera ina. Lole ya matenanti inali yonyamuka Lachiwiri lina kumayambiriro kwa Ogasiti. Loweruka la masiku atatu ulendowo usanachitike ndi limene gulu linakonza zoimba koyamba pamaso pa anthu, zitseko zili zotsegula.

Mayi Ezelina anachita kubwera okha kudzapempha, mwaulemu wake. Anati kunyumba kwawo kuli chipinda chongogona mbewa, ali ndi makina osokera ofuna dzanja lachiwiri, ndipo Feliya akatsala adzamusunga ngati wawo. A Zakeyo anawapatsa mpando, anamvetsera mpaka kumapeto, anathokoza.

"Mwalankhula bwino, mayi," anatero. "Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kwathu kuli munda. Kuno kuli nyimbo. Mwana wamkazi sindingamusiye pamsewu chifukwa cha nyimbo."

Feliya anamva zonse ali kuseri kwa chitseko, ndipo sanatsutse. Bambo ake sanali munthu wankhanza. Anali chabe munthu amene sanafikepo kuholo, ngakhale pazenera, ndipo a Nangondo ankawatcha "chinthu chako chija."

Anali munthu wa mawu ochepa ndi manja odziwa. Mwezi wa Julaye mphepo ya ku Kasungu imaumitsa fodya mpaka tsamba ukaligwira limangofumbutuka, osasankhika, osadindika. Alesi amangowaza madzi pamasamba, kenako mabelo awo amabwerera kuokushoni atachita nkhungu. A Zakeyo ayi. Kuseri kwa chigafa chawo choumitsiramo fodya anali ndi dzenje lolekeza m'chiuno, lofoleredwa ndi udzu. Ankanyowetsa pansi, kuyala udzu wouma, kugoneka fodya, n'kufunditsa ziguduli zonyowa. M'mawa mwake tsamba linkatuluka lofewa ngati khutu la mwana wambuzi. Kapitawo ankatumiza matenanti atsopano kuti akaphunzire kwa iwo, ndipo pa nkhani imeneyi yokha a Zakeyo ankalola kutamidwa.

Analinso ndi kanyimbo kawo. Akamasoka fodya m'chigafa ankaing'ung'udza popanda mawu, kufika pena n'kusiya zii, kenako n'kuyambiranso. Feliya anakula akuimva choncho, ndipo anaitengera kwa a Zimba momwemo, ndi mipata yake yomwe. A Zimba anailemba m'manotsi, mipatayo n'kuisiya momwe inalili, amvekere kukhala chete kumeneko ndiye mchere wake. Anakonza kuti nyimbo imeneyi idzakhale yotsekera pa tsiku lalikulu, chelo chikutsogolera. N'chifukwa chake anamulola Feliya kupita nawo a Nangondo kunyumba masabata awiri otsiriza, kuti aziyeserera akaweruka kosankha fodya.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Feliya akagwira nsambo yaikulu, mkati munkamveka kaphokoso ngati muli nyenje. A Zimba anagogoda m'mbali ndi chala, n'kupeza pamene thabwa la pamimba linayamba kulekana ndi la m'nthiti.

"Chauma ndi mphepo iyi," anatero. "Si nkhani yaikulu. Sabata yamawa tikachionetse kwa kalipentala."

Madzulo ake Feliya anawafotokozera mayi ake akutsuka mbale, kuti a Nangondo auma ndipo mawu awo asasa. Bambo ake anali chapafupi akunola mpeni, ndipo sanatukule mutu. Loweruka m'mawa Feliya ndi mayi ake ananyamuka kupita ku Simlemba kuchinkhoswe cha mwana wa mnzawo wa kumudzi. Anavina, anadya, anagona masiku awiri. Bokosi la chelo linatsala pakona, litafunditsidwa chitenje.

Atabwerera Lolemba chakumasana, Feliya anaona chinthu chimene anali asanachionepo: bambo ake atakhala pakhonde nthawi ya ntchito, chipewa chili m'manja. Analowa m'nyumba, ananyamula bokosi, ndipo linapepuka ngati dengu lopanda kanthu.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero a Zakeyo.

Anatsogola mpaka kuseri kwa chigafa, anatsikira m'dzenje, n'kuvundukula ziguduli chimodzichimodzi. A Nangondo anali gone pa udzu. Khosi linali litachoka pamalo pake, nsambo zili lendelende, thabwa la pamimba litakanuka mbali yonse ya kumanzere. A Zakeyo atachinyamula, kamtengo kamene kamaima mkati kanamveka kakugubuduzika.

"Ndinamva ukuwauza mayi ako kuti chauma," anatero, maso ali pa udzu. "Ndinati ukamabwera uchipeze chili bwino. Tsiku loyamba ndinachigwira, chinali chisanafewe. Ndiye ndinawonjezera ziguduli."

Mkwiyo unamugwira Feliya. Anaganiza za a Zimba, za anzake, za Loweruka, tsiku limodzi lokha limene anatsala nalo asanakwere lole. Anatsegula pakamwa kuti anene mawu amene mwana sanena kwa kholo. Kenako anaona mmene bambo ake anachigwirira, dzanja lina kunsi, lina kumsana, monga ankagwirira fodya wa giredi yoyamba. Kwa zaka ziwiri anali asanachikhudzepo ngakhale ndi chala. Anachikhudza tsopano, ndipo anachipatsa chinthu chabwino koposa chimene ankachidziwa. Misozi inatuluka, koma mkwiyo unali utapita, ndipo chimene chinatsala chinali chisoni chowamvera iwo.

"Tiyeni tichitulutse, bambo," anatero. "Ndikawaitane aphunzitsi."

A Zimba anafika panjinga dzuwa litapendeka. Ananjuta pafupi ndi mphasa pamene anagoneka a Nangondo, n'kuwayang'anitsitsa nthawi yaitali, motalika moti a Fainala anayamba kupepesa m'malo mwa banja lonse ndi makolo omwe. Kenako anapempha kuti akaone dzenjelo. Anatsikiramo, anagwira udzu, ananunkhiza chiguduli, ndipo potuluka mapewa awo ankagwedezeka. Ankayesetsa kuti asaseke pamaso pa munthu wamkulu.

"Adada, nzeru yanu sinali yolakwika," anatero. "Ngakhale m'mabuku amati thabwa likauma lipatseni chinyezi. Muyeso wokha ndi umene unapyola. Guluu wa zinthu izi ndi wachikopa, madzi akamupeza amatula pansi udindo."

"Ndiye chafa?" anafunsa a Zakeyo.

"Chakomoka chabe."

A Zimba anatumiza uthenga kwa a Samsoni, kalipentala wa pamsika, wokhoma zitseko ndi ngolo, amene ankadziwika kuti sakana ntchito ngakhale imene sanaionepo. Anabwera m'mawa mwake ndi chitini cha zidutswa za guluu wachikopa zimene anawasiyira amene anawaphunzitsa ntchito. Anazungulira mphasa kawiri, manja ali kumbuyo, ngati dokotala wamkulu wa kuboma.

"Kumata timata," anatero. "Koma thabwa lonyowa silimva guluu. Liyambe lauma, ndipo liume mwaulemu. Padzuwa lipindika, pamoto ling'aluka. Pakufunika mthunzi ndi kamphepo koyeza."

Onse anatembenukira kwa a Zakeyo. Iwo anavala chipewa chawo koyamba kuchokera dzulo lake.

"Kuumitsa pamthunzi ndiye ntchito yanga," anatero.

Motero a Nangondo anakwera m'chigafa. Thupi analipachika pamikangala iwiri, mitengo yopachikirapo fodya, pakati pa masamba omaliza, khosi palokha chapambali. Mbali yochokera mphepo a Zakeyo anatchingako ndi mphasa, ndipo pakapita kanthawi ankasiya kusankha fodya, kukwera, kugwira thabwa ndi kuseri kwa dzanja, n'kusuntha mphasa pang'ono. Matenanti anzawo ankadutsa dala kudzafunsa kuti fodya wa chiuno ameneyu agula ndani kuokushoni. Feliya anawaona a Zakeyo kamodzi akumwetulira cham'mbali.

Lachitatu Feliya anapita kuholo chimanjamanja. A Zimba anamukhazika pampando wake womwewo n'kumuuza kuti gawo lake aliimbe ndi pakamwa. Choncho mavayolini ankalira, bangwe n'kumayankha, ndipo pakati pawo mtsikana ankang'ung'udza mawu aakulu maondo atatangadza pa chinthu chosaoneka. Prosper wa chitoliro anati zikuoneka kuti Feliya wameza a Nangondo, ndipo gulu lonse linaseka mpaka ng'oma kusokonekera. Naye anaseka. Ankawakonda anthu amenewa, ndi kulakwitsa kwawo komwe, ndipo pobwerera anayenda pang'onopang'ono chifukwa ankadziwa kuti Lachitatu lotsatira adzakhala ali ku Phalombe.

Lachinayi m'mawa a Zakeyo anatsitsa matabwa aja n'kunena kuti tsopano ali bwino. Palibe anatsutsa. A Samsoni anatenthetsa chitini chawo m'madzi owira, ndipo fungo lake linathamangitsa ngakhale agalu. Anapaka guluu ndi nthenga ya nkhuku, a Zimba akuwongolera khosi ndi diso limodzi, Feliya atagwira thupi. Pofika pomanga panavuta, chifukwa zopanira za a Samsoni zinali za zitseko, zoti zikanaphwanya a Nangondo nthiti. Panafunika malegeni ambiri, ndipo amene analipo anali ofumbwa. A Zakeyo anapita kuseri kwa nyumba. Pobwera anali ndi chubu cha njinga yawo, chabwinobwino chopanda chigamba, akuchilenga ndi mpeni uja ankanola.

"Nanga njinga muyendera chiyani, bambo a Feliya?" anafunsa a Fainala.

"Ikwera lole. Siyenda yokha."

Anakulunga a Nangondo kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. A Samsoni anapukuta manja, n'kuima chapatali kuyamikira ntchito yawo.

"Loweruka chiimba," anatero. "Koma guluu uyu mayeso ake enieni ndi mvula yoyamba. Nyengo ikamasintha pazikhala munthu wochidziwa, woti chikangoyamba kudandaula amve msanga. Apo ayi, tidzayambiranso."

Loweruka m'mawa anamasula malegeni. Panatsala kamtengo ka mkati kaja, kamene kanayenera kuimikidwanso kudzera pakabowo kopapatiza ka pamimba. A Zimba anayesa ndi sipoko ya njinga mpaka thukuta, kakungogwa. Feliya anapempha singano yaitali yosokera mabelo, anabaya kamtengoko, anakalowetsa chogona, n'kukadzutsa mkati momwemo. Kanaima ulendo wachitatu. Kenako anayamba kukunga nsambo, imodziimodzi, pang'onopang'ono. Apa a Zakeyo anapita kukaima pakhomo la chigafa atafulatira, ngati bambo wodikira kunja kwa chipinda cha azamba. Thabwa linalira kamodzi, koma khosi silinasunthe.

Feliya anakoka uta pa nsambo yaikulu. Nyenje ija inali itasamuka. Mawu anatuluka athunthu, okuya kuposa kale, ndipo pamodzi nawo panatuluka fungo la fodya wa bale, lochokera m'mimba mwenimweni mwa a Nangondo.

"Ayamba kusuta ukalamba uno," anatero a Samsoni.

Masana holo inadzaza. Kutsogolo kunakhala aphunzitsi, akuluakulu a mpingo ndi eni masitolo. Pakati panali anthu a m'midzi, kuphatikizapo amayi a zitumbuwa, amene anabwera kudzaona odwala awo. Matenanti anaunjikana kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kumene munthu angatuluke osapempha njira. Feliya anayang'ana kumeneko akukhala pansi, ndipo anaona chipewa chimene ankachidziwa. A Zakeyo sanalowe kwenikweni. Phazi limodzi linali mkati, lina pakhonde.

Anayamba ndi nyimbo ya mzungu wakale uja, yoyenda modekha, mavayolini akupatsirana mawu ndi chitoliro. Anthu sanadziwe kuti atani nayo, ndiye anangokhala phee, ndipo itatha anazindikira kuti aikonda. Ya pawailesi itabwera, gitala ndi ng'oma zinatenga malo, mavayolini n'kumathamanga pambuyo ngati ana otsatira ngolo, ndipo mabenchi anayamba kugwedezeka. Pa ya pamtondo mayi Ezelina anagwedeza visekese mpaka duku kumasuka. Zolakwika zinalipo. Prosper analowa msanga kawiri, ndipo vayolini wina anasochera n'kukapezeka kumapeto. Palibe anadandaula.

Kenako a Zimba anatukula dzanja, zonse zinakhala chete, ndipo Feliya anayamba yekha nyimbo ya m'chigafa. Anaiimba monga ankaimvera kuyambira ali mwana, mzere umodzi wokwera pang'ono n'kutsika, kenako mpata. Mu mpatamo holo yonse inali zii, monga a Zimba anafunira. Anaimbanso mzere uja, mavayolini akumuyalira pansi. Mpata wachiwiri unafika, ndipo kuchokera kuchitseko kunamveka mawu a munthu wamkulu, osasa pang'ono:

"Tifika, tifika, dzuwa likadalipo."

Feliya anatukula maso. Anali bambo ake. Mawu awo anadzaza mpata wonse, osatsala osapyola, ndipo pamenepo Feliya anamvetsa. Mipata ija sinali mchere wa nyimbo. Anali malo a anthu ovomera. Inali nyimbo yokokera khoka kunyanja ya Chilwa, kumene a Zakeyo anagwira ntchito ali mnyamata, ndipo zaka zonsezi ankaimba mbali ya wotsogolera yokha, n'kumasiyira malo anzawo amene kunalibe. Lero wina anali atawatsogolera, ndipo munthu woleredwa bwino sasiya nyimbo ikuitana popanda woyankha.

Feliya anakokanso uta. Ulendo uno anavomera anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, amuna a ku Phalombe ndi ku Zomba amene anaima kumbuyo. Ulendo wotsatira inavomera holo yonse, ngakhale amene sanaonepo khoka chibadwire. A Zimba anayang'ana mapepala awo, anayang'ana kuchitseko, kenako anatseka mapepalawo n'kukodola a ng'oma kuti alowe. Nyimbo imene inalembedwa kuti ithe pa mphindi zitatu inatha pamene manja a Feliya anatopa.

Kunja anthu anamuzungulira, amayi a zitumbuwa akufuna kugwirako a Nangondo kuti aone ngati achiradi. Pamene ankamasuka, bambo ake anali atapita kale. Kunyumba sananene kanthu za nyimboyo, ndipo Lamulungu lonse anali kalikiliki kumanga katundu. Feliya sanafunse. Anali atapeza Loweruka lake, lokoma kuposa mmene ankayembekezera, ndipo anadziuza kuti limeneli limukwanira. Lolemba anabereka a Nangondo komaliza kukawatula kuholo. Anatsanzikana ndi anzake, analira pang'ono paphewa la mayi Ezelina, n'kubwerera kukalonga zovala zake m'chikwama.

Lachiwiri lole inafika dzuwa litangotuluka. Mabanja anayi anakweza mphasa, mapoto, nkhuku zomanga miyendo ndi njinga yopanda chubu ija. Feliya anaponya chikwama chake pamwamba n'kugwira chitsulo kuti akwere. A Zakeyo, amene anali kale m'mwamba kulandira katundu, anachinyamula chikwamacho, anachiyang'ana, n'kuchitsitsiranso pansi.

"Ichi chatsala," anatero.

"Ndi changa, bambo."

"Ndikudziwa." Anatsika, n'kumutengera pambali pang'ono. "Unawamva a Samsoni. Guluu uja mayeso ake ndi mvula yoyamba. A Nangondo ndinawavulaza ndine, ndipo sindinayambe ndasiyapo fodya m'chigafa wopanda womuyang'anira. Ine ndikupita. Ndiye pakhale wa m'nyumba mwanga."

Feliya anayang'ana mayi ake pamwamba pa lole. A Fainala ankapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, koma ankaseka, ndipo zinaonekeratu kuti nkhaniyi inakambidwa kale iye kulibe. Chapatali, pansi pa mtengo wa mango, panaima mayi Ezelina ndi njinga, ngati munthu wongodutsa.

"Mvula ikagwa, ndibwere?" anafunsa Feliya.

"Mvula ikagwa kumabwera chinyezi. Chikatha kumabwera mphepo. Chinthu chija chimafuna munthu chaka chonse." Anakhosomola. "Pa Khirisimasi udzabwere udzatione. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa singano yaitali ija, yokulungidwa m'kachidutswa ka chiguduli, n'kumufumbatitsa.

"Kamtengo kaja kakadzagwanso. Ndipo a Nangondo akadzauma, chiguduli uzichifinya kwambiri, uzichiika patali. Osawafunditsa."

"Ndamva, bambo."

"Usiku umodzi wokha."

"Ndamva."

Dalaivala analiza hutala. A Zakeyo anakwera, anakhala pa thumba la chimanga atayang'ana kutsogolo, ndipo sanacheuke mpaka lole inakhota pamphambano. Feliya anaima pamenepo fumbi likumugwera, akulira ndi kusangalala nthawi imodzi, osachita manyazi ndi chilichonse mwa ziwirizo. Mayi Ezelina anamangirira chikwama pakaliyala, ndipo anayenda wapansi onse awiri.

Lachitatu masana anafika kuholo anzake asanabwere. Anatsegula mazenera, anakonza mipando khumi ndi umodzi, n'kukokera bokosi lija pamalo pake. Atalitsegula, fungo linatuluka lija la m'chigafa, lomwe linali fungo la malaya a bambo ake. Anakhala kanthawi atatsamiritsa chipumi pakhosi la a Nangondo. Kenako anawaimika pakati pa maondo, anakunga nsambo, n'kuimba mzere woyamba wa nyimbo ija. Pofika pa mpata sanadikire munthu. Anavomera yekha ndi pakamwa, monga anamvera kuchitseko.